Tsiku Limene Ampulifaya ya Layisoni Inakana Kuyaka

Ndisanapite ku Joni ndinali wotchera tiyi, monga analili makolo anga. Ndinabadwira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, ndipo dengu la kumsana ndinayamba kulibereka ndevu zisanamere. Nyengo ya mvula ntchito inkapezeka, koma tiyi akasiya kuphuka ankatiuza kuti tikadikire kunyumba. Chaka chimene nthochi za akazi anga zinafa ndi matenda munda wonse, ndinagulitsa mbuzi ndi njinga n'kukalipira thiransipota wa ku Limbe woti anditengere ku Joni. Akazi anga anandiperekeza mpaka pa msewu wa tala. Sanalire. Anangondiuza kuti ndikakafika ndisakasinthe nambala ya foni osawauza.

Za ulendowo ndimakumbukira ludzu la pa Tete ndi mantha a pa malire. Masiku amene anandidindira m'pasipoti anatha ndisanapeze ntchito yeniyeni, ndipo kuyambira pamenepo ndinakhala munthu woyenda akucheuka. Ndinatsuka magalimoto, ndinasakaniza simenti, kenako ndinayamba kupeza maganyu odula kapinga m'nyumba za anthu olemera kunja kwa Durban.

Layisoni ndinamupeza pa siteji ya mateksi, akukalipira munthu pa foni m'Chilomwe. Ndinadikira kuti amalize, ndiye ndinamulonjera kuti moseliwa, moni wa m'mawa, dzuwa lili paliwombo. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anali wa kwathu ndithu. Anagwirapo m'fakitale ya esiteti yoyandikana ndi yathu, ndipo anakwatira kwa Nchilamwela. Tsiku lomwelo anandichotsa m'galaja mmene ndinkagona ndi anthu osawadziwa, n'kupita nane ku mkhukhu wake, kanyumba ka malata okhaokha, makoma ndi denga lomwe.

Tinakhalamo zaka. Matiresi anali amodzi. M'nyengo yozizira malata ankadontha thukuta pa nkhope zathu, m'nyengo yotentha tinkadyera panja. Wina akasowa ganyu, mnzake ankagula ufa osanena kanthu. Layisoni ankagwira m'shopu ya munthu wina wa ku Kongo wokonza mawailesi ndi ma TV, ndipo Lamlungu tikachoka ku tchalitchi ankayala thumba pansi n'kumakonza zinthu za anthu a m'dera lathu. Ntchito yanga inali kugwira tochi ndi kusunga timasikuluwu m'chivindikiro cha botolo. Iye sankatha kugwira ntchito ali chete. Ankati magetsi ali ngati madzi a m'paipi, uziwatsatira kuchokera kumene akuchokera mpaka upeze pamene aima. Anali ndi kamita kachikasu ka mawaya awiri, kamene kankalira ukagunditsa mawayawo kumapeto awiri a njira yosaduka. Ine ndinkangomvera ndi khutu limodzi, maganizo ali kumudzi.

Ampulifaya yake, makina okuzira mawu a nyimbo, anaigula kwa bwana wake itafa, mwini wake ataisiya m'shopumo osabweranso. Inali yakuda, yolemera ngati mwana wa mbuzi, yokhala ndi kagetsi ka buluu kutsogolo. Anaikonza pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo tsiku limene inalira anajambula vidiyo n'kutumiza kwawo. Ankati akadzabwerera adzagula masipika aakulu, azidzaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuchokera kwa Changata mpaka kwa Mphuka, fakitale asadzaionenso m'kati. Nthawi ina eni dziko atayamba kuwotcha mikhukhu ya alendo, tinathawira m'bwalo la tchalitchi china. Anthu anathawa ndi mabulangete ndi mapoto. Layisoni anathawa ndi ampu pamutu, ine pambuyo ndi chikwama chake cha zida, ndipo tinagona pa simenti opanda chofunda mpaka zinthu zitazizira.

Chifuwa chinamuyamba ngati chimfine. Kuchipatala ankazengereza kupita poopa kufunsidwa mapepala, ndipo pamene ndinamukakamiza anali atatha kale thupi. Anamugoneka. Anandiuza kuti zikavuta katundu wake akafike kwawo, asagulitsidwe. Anamwalira m'mawa wina ine ndili ku ganyu, ndikudula mpanda wa maluwa.

Kunyamula maliro kuchokera ku Joni kunatikanika, ngakhale aMalawi a ku tchalitchi anasonkha zimene akanatha. Tinamuika komweko. Achimwene ake aakulu, a Dayitoni, amene anali kapitawo wamkulu pa esiteti ina kuno ku Thyolo, anavomera pa foni ndi mawu aafupi, n'kudula ndisanamalize kulankhula.

Ine sindinabwerere nthawi yomweyo. Mwamwayi ndinapeza ntchito yokhazikika pa nyumba ya dokotala wina, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Akazi anga anaotcha njerwa, anafolera malata. Sindinkadziwa kuti malatawo anthu akuwawerenga mwa njira ina.

Nditafika kumudzi ndi katundu wa Layisoni ndinapeza akazi anga atasanduka munthu wodzigamulira yekha. Anali ndi benchi ya tomato ndi usipa pa msika wa tsiku la malipiro, ndipo ana ankapempha chilichonse kwa iwo, ine ankangondipatsa moni wa mlendo. Tsiku lachiwiri anandikhazika kuseri kwa nyumba n'kundiuza zimene zinkanenedwa: kuti mnzanga ndinamukhwimira, kuti chifuwa chija chinali changa chomutumizira, ndipo malata athu ndi magazi a Layisoni. Anati kwa a Dayitoni ndisapite ndekha. Ndinapempha alamu anga, achimwene a akazi angawo, kuti andiperekeze. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti Loweruka ali ndi msonkhano wa kalabu ya alimi.

Ndinapita ndekha. Kunali chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi moti mitengo ya bulugamu inkangooneka mitu. Wa kabaza anamanga katoni ya ampu kumbuyo kwa njinga yamoto, ine ndinakumbatira chikwama cha zovala ndi cha zida. Tinagwirizana kukumana kwa a Dayitoni chifukwa nyumba yawo ya kampani inali ndi magetsi, pamene kwa akazi a malemu kunalibe.

Pabalaza ndinapezapo a Dayitoni, alongo awo awiri, ndi a Esinati, akazi a Layisoni, amene anakhala pansi pafupi ndi khomo la kukhitchini atafunda chitenje kumutu. Pakhonde panali adzukulu a a Dayitoni, ana a alongo awowo, amuna aakuluakulu kale, ataimirira. Babu linali loyaka chifukwa cha mdima wa nkhungu. Moni unali waufupi. Palibe amene anandifunsa za ulendo.

Ndinayala zonse pa mphasa: mathalauza, nsapato, jekete, chikwama cha zida. A Dayitoni sanaziyang'ane kawiri. Analoza katoni, n'kunena kuti abwereka sipika ku tchalitchi, akufuna amve chinthu chimene m'bale wawo anavutikira. Pulagi ya ku Joni ndi ya mano ozungulira, yosalowa m'masoketi a kuno, ndiye dzulo lake ndinali nditaidula n'kuikapo ya kuno. Kuyesa sindinayese, poti kwathu kulibe magetsi. Ndinalumikiza sipika, ndinalowetsa pulagi kukhoma, ndinadina swichi.

Palibe chinachitika. Kagetsi ka buluu sikanayake. Ndinadinanso, ndinadinanso kachitatu. Chinthucho chinangokhala duu ngati njerwa.

A Dayitoni anatulutsa foni yawo, anafufuza pang'ono, n'kuitembenuzira kwa ine. Inali vidiyo ija. Ndinamva mawu a Layisoni akuseka m'mkhukhu mwathu, nyimbo ikugunda kumbuyo.

"Ya pa foniyi ikuyaka," anatero a Dayitoni. "Nanga mwatibweretserayi ndi ya ndani?"

Ndinawauza kuti ndi yomweyo, kuti ndisananyamuke inkalira bwinobwino, mwina yagwedezeka m'ngolo ya basi. Mmodzi wa alongo aja anati munthu wamoyo ndinakhala naye n'kumusiya m'dothi la eni, lero ndabweranso ndi chinthu chakufa, kodi ine zamoyo zimathera kuti m'manja mwanga? Pakhonde wina anayankha kuti yabwinoyo inasanduka malata. Analankhula mokweza, kuti a panjira amve.

Ndipo anamvadi. Inali nthawi imene otchera tiyi amachokera ku sikelo, ndipo njira yawo inkadutsa kutsogolo kwa nyumbayo. Anayamba kuima, madengu ali kumsana, mapepala a pulasitiki ali m'chiuno. Ndinamva dzina langa likuyenda pakati pawo. Pazenera ndinaona mwamuna wina atagwira chimpeni chodulira tiyi. Mwina ankachokera nacho ku ntchito basi, koma ine ndinakulira m'malaini, ndikudziwa kuti kuno nkhani ya ufiti ikagwira gulu, munthu amatha kufa asanafunsidwe funso ndi limodzi lomwe. Wa kabaza uja anali atapita kalekale.

Ndinapempha kuti andilole ndiione ampuyo. A Dayitoni anafunsa ngati ndine wokonza mawailesi. Ndinati ayi, ndinkangogwira tochi m'bale wawo akamakonza. Anakankha chikwama cha zida ndi phazi kuti chifike pamene ndinagwada.

Ndinatsegula zipi. Ndinayambira kukhoma. Ndinapempha tchaja, ndinalumikiza foni yanga m'soketi yomweyo, foni inaonetsa kuti ikulandira moto. Ndiye vuto silinali la nyumba. Ndinatsegula pulagi imene ndinamanga ndekha, ndikupemphera kuti cholakwa chikhale changa, waya atasomphoka kapena fyuzi ya m'pulagimo itafa. Mawaya anali ogwira. Ndinayatsa kamita kachikasu, mwamwayi batire yake inali ikadali ndi mphamvu, ndinagunditsa mawaya ake mbali ziwiri za fyuzi. Kanalira. Fyuzi inali yamoyo. Sindinakhumudwepo ndi chinthu chabwino ngati tsiku limenelo.

Panatsala kutsegula ampuyo. Nditangotenga sikuludiraiva, mmodzi wa adzukulu aja analowa n'kuima pamsana panga, nati aonetsetse kuti ndisachotsemo kanthu kapena kuikamo kanthu. Mpweya wake ndinkaumva pakhosi. Pulagi ndinali nditaizula kale kukhoma, komabe ndinadikira pang'ono monga ankachitira Layisoni, poti ankati m'kati muli timigolo tosunga moto ngakhale utazimitsa. Kudikirako kunaoneka ngati ndikuzengereza dala, ndipo panja wina anafuula kuti amutulutse ameneyo. A Dayitoni anangokweza dzanja osatembenuka.

Nditachotsa chivindikiro ndinanunkhiza kaye. Munalibe fungo la chinthu chopsa, fumbi lokha ndi mphemvu youma ya ku Durban. Ndinapeza fyuzi ya galasi pafupi ndi polowera chingwe. Ndinaiyang'ana pa kuwala kwa babu, kawaya ka m'kati kanali kosaduka. Ndinaiyesa ndi mita, inalira. Apa zimene ndinkadziwa zinali zitatsala pang'ono kutha. Thukuta linkagwera pa bolodi ya m'kati mwa ampuyo, kunja kukuzizira chonchija. Ndinaganiza za thiransifoma, chichitsulo cholemera cha pakati, kuti ngati yapsa ndiye palibe chimene ndingachite m'nyumba imeneyi.

Ndinabwerera poyambira. Waya mmodzi wa mita ndinaugunditsa pa dzino la pulagi, winawo ndinayamba kuyenda nawo. Polowera chingwe, kanalira. Kuseri kwa fyuzi, kanalira. Pa mwendo woyamba wa swichi, kanalira. Ndinadina swichi n'kugunda mwendo wachiwiri, kanalira. Ndinasuntha pang'ono, pa kanjira ka mkuwa kochoka pa mwendowo kupita ku thiransifoma. Zii. Ndinabwerera pa mwendo, kanalira. Pa kanjira, zii.

Ndinapempha munthu amene anaima pamsana panga uja kuti aunike ndi foni yake. Anaunika, mwina pofuna kuona chimene ndikubisa. Pozungulira mwendo wa swichi, pamene mtovu umagwira mwendowo ku bolodi, panali kamng'alu kozungulira, kochepa ngati tsitsi. Nditakankha swichi ndi chala, mwendowo unagwedera. Katundu wina ayenera kuti anaikanikiza kutsogolo m'mabampu a njira yonse ija. Ndinawaonetsa a Dayitoni. Anawerama n'kuyang'ana.

M'chikwama munali kachitsulo kowotcherera ndi kamkombero ka mtovu. Kachitsuloko nako kanali ndi pulagi ya ku Joni, ndiye ndinayamba kumasula kuti ndilowetse mawaya ake m'soketi. Ndisanamalize, babu linathima. Firiji ya m'chipinda china inasiya kung'ung'udza. Magetsi anali atapita, monga amapitira kuno osatsanzika.

Panja panamveka phokoso. Mayi wina anati mwaona, wazimitsa yekha. Ena anaseka, koma ena sanaseke. Khomo linadzaza anthu mpaka m'nyumba munada.

Ndinanena kuti ngati pali moto wa makala ndi msomali, ndikhoza kuwotcherera. Kenako a Esinati, amene chifikire changa anali asanatsegule pakamwa, anaimirira n'kulowa kukhitchini. Anabwera ndi mbaula yoyaka, anaiika pafupi ndi ine, anatulukanso n'kubwera ndi msomali waukulu umene anazula pa khoma pamene pankapachikidwa lichero. Anabwerera pamalo pawo.

Ndinagwira msomali ndi pulayazi, ndinauika m'makala mpaka unafiira. Ulendo woyamba unazizira ndisanafike pa bolodi. Wachiwiri mtovu unasungunuka koma unagwera pambali, ndinachita kuupala ndi mpeni kuti usagwirizanitse njira zosayenera. Wachitatu unayenda bwino, unazungulira mwendo wonse n'kuwala. Nditayesa kuchokera pa dzino la pulagi mpaka pa waya wa thiransifoma, mita inalira. Ndinatseka chivindikiro, ndinamanga masikuluwu onse, n'kuwauza kuti ndikuganiza kuti yatheka.

A Dayitoni anati kulira kwa kachinthu kachikasuko sikukuwauza kanthu iwo. Anati tidikira magetsi, ndipo ine sindichoka mpaka abwere.

Tinakhala. Mvula ya chiperoni inkanyowetsa anthu panja koma ambiri sanachoke. Ndinkadziwa kuti magetsi akhoza kubwera posachedwa kapena mawa, ndiponso kuti mwina pali chinanso chakufa m'katimo chimene sindinachione. Miyendo inachita dzanzi. Ndinkamva makala akuthetheka m'mbaula.

Ndi m'kati mwa kudikirako mmene a Esinati analankhula, maso ali pa mphasa.

"Alamu, anawasambitsa ndani?"

Chimwalirire Layisoni palibe wa kwawo amene anandifunsapo zimenezo. Ndinati ndine. Anafunsa ngati madzi anali ofunda. Ndinati inde, ndinapita ndi fulasiki ziwiri zobwereka chifukwa kumalo osungira maliro kunali madzi ozizira okha. Ndipo mawu anayamba kutuluka okha. Ndinawauza kuti ndinamumeta ndevu, poti ankadana nazo ndipo m'chipatala zinali zitakula. Ndinamuveka shati yoyera imene ankapita nayo ku tchalitchi. Bokosi tinanyamula amuna a kwathu konkuno, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Phalombe, ndipo bwana wake wa ku Kongo anatseka shopu n'kubwera. Pamanda ndinalankhula m'Chilomwe, ndinatchula mayina a ana ake mmodzimmodzi kuti adziwe kuti sanaiwalike. Mnzathu wina wa ku Zimbabwe wowotcherera zitsulo anapanga mtanda wachitsulo n'kulembapo dzina. Ndinati zonsezi zili pa zithunzi zimene ndinatumiza.

A Esinati anadzutsa mutu. "Zithunzi ziti?"

Iwo foni yawo inali ya mabatani, ndiye zithunzizo ndinatumiza kwa a Dayitoni tsiku lomwelo la maliro. Aliyense m'nyumbamo anatembenukira kwa iwo. A Dayitoni anakhala nthawi akupukuta galasi la foni ndi chala chachikulu.

"Zinafika," anatero. "Sindinatsegule. Sindinathe."

Alongo awo anayamba kulankhula onse pamodzi, koma a Esinati anangotambasula dzanja kwa ine. Ndinapeza zithunzizo pa foni yanga n'kuwapatsa. Anaziona chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, akugwira pakamwa ndi chitenje. Kulira kwawo kunali kwa pansipansi. Alongo aja anasendera pafupi, kenako nawo anayamba. Anthu a pakhomo atamva kuti m'nyumba mwasanduka maliro, anayamba kubwerera m'mbuyo, amayi ena anatula madengu n'kukhala pansi pakhonde. Mwamuna wa chimpeni uja sindinamuonenso.

Foni inafika kwa a Dayitoni pomalizira. Anailandira ndi manja awiri. Ali chiyang'anire, babu linayaka. Ndinadikira kuti wina andiuze chochita, koma palibe amene ankayang'ana kwa ine, ndiye ndinakwawa n'kulowetsa pulagi kukhoma, ndinadina swichi. Kagetsi ka buluu kanayaka. Patapita kamphindi m'katimo munamveka kuti thapu, ndipo sipika ya tchalitchi inayamba kupuma pansipansi. Mdzukulu uja anati yayaka, amalume, yayaka. A Dayitoni sanadzutse mutu. Anali atakulitsa chithunzi cha mtanda ndi zala.

"Dzina la bambo athu mwalakwitsa," anatero. "Ndi Namakhwa. Apa mwalemba Namakwa."

Ndinapepesa, ndinati wolembayo sanali wa kwathu ndipo ine tsikulo mutu sunkagwira. Anagwedeza mutu, misozi ikutsikira m'ndevu, n'kundiuza kuti ndizimitse, nyimbo si za lero.

Sanandipepese, ndipo alongo awo sanandiyang'ane m'maso mpaka ndinatuluka. Koma a Dayitoni anavala jekete n'kunena kuti andiperekeza okha. Tinadutsa pakati pa anthu aja iwo ali patsogolo, tinalowa m'kanjira ka m'munda wa tiyi, masamba onyowa akutinyowetsa mathalauza. Titafika pa tala anaimitsa njinga yamoto, anamuuza woyendetsa kuti akanditule pakhomo penipeni, osati pa msika. Ndisanakwere anandigwira mkono n'kunena kuti ndikamadzapitanso kumeneko ndidzawauze, adzapanga pasipoti tidzapitire limodzi, akakonze dzinalo.

Ku Joni sindinabwererenso. Mawondo anayamba kuvuta, ndipo ndinalowa nawo pa benchi ya akazi anga. A Dayitoni anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi kwawo, koma tikakumana pa msika amandifunsabe kuti ulendo uja uli liti. Ndimawayankha kuti mvula ikatha. Tonse awiri timadziwa kuti mtanda uja ukhala momwemo, dzina lake lili loperewera chilembo chimodzi.